Kodi kavalo wa m'nkhani yoseketsa ayenera kulankhula?

Mlembi Wongoyamba:
Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene munayamba kale kulemba. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikulemba nkhani zazifupi ndi ndakatulo zoseketsa zokhudza akavalo, ndipo pano ndili ndi nkhani 5 ndi ndakatulo 12 zimene ndikufuna kuzisonkhanitsa m'kabuku kamodzi. Vuto ndi lakuti anthu amene ndinawawerengera sanaseke. Anangomwetulira mwaulemu, ndipo mmodzi mwa iwo anandifunsa ngati nkhaniyo yathera pomwepo. Nkhani imene ndimaidalira kwambiri ndi ya kavalo wotchedwa Bwanamkubwa, amene amakana kunyamula mbuye wake n'kumamulankhulira zachipongwe njira yonse, ndipo pamapeto mbuyeyo akagwa, kavaloyo amaseka mpaka kusanza. Kodi cholakwika chili pati? Funso langa lachiwiri ndi la kasindikizidwe, chifukwa sindikudziwa ngati ndiyambe ndi magazini kapena ndipite kwa osindikiza mabuku.

Bambo Wapakhola:
Achimwene, ine sindine mlembi, koma ndagwira ntchito yosamalira akavalo kwa zaka zambiri, ndiye ndiyankhepo pa mbali imene ndikuidziwa. Kavalo sasanza. Minofu ya pakhomo pa chifu chake ndi yolimba kwambiri moti chakudya chikalowa sichibwereranso kukamwa, ndipo n'chifukwa chake matenda a m'mimba ndi oopsa kwambiri kwa akavalo. Munthu aliyense amene anachezerapo usiku wonse m'khola akuyang'anira kavalo wodwala m'mimba, akafika pa mathero a nkhani yanuyo adzangotseka buku. Komanso kavalo amapumira m'mphuno mokha, choncho kuseka kwa kukamwa yasa kumene mukukuganizirako kulibe. Chimene chilipo n'chakuti kavalo akamva fungo lachilendo amatukula mutu n'kupinda mlomo wam'mwamba, mano onse n'kuonekera, ndipo amaoneka ndithu ngati munthu amene wamva nthabwala yabwino. Iye amakhala akungofuna kulimvetsa bwino fungolo, koma munthu amene wangogwa pansi, n'kuona nkhope imeneyo pamwamba pake, simungamuuze kuti sakusekedwa. Ine ndikuona kuti nkhani yanu ili pamenepo.

Mayi Mkonzi:
Bambo Wapakhola anena zimene ine ndikanazinena m'masamba awiri. Pa zolemba zoseketsa za nyama zimene zadutsa pa tebulo langa, zambiri mwa zimene ndinabweza zinali ndi nthenda imodzi: mlembi sanayang'anitsitse nyamayo, anangoiveka pakamwa pa munthu. Yesani izi, achimwene. Chotsani dzina la Bwanamkubwa paliponse m'nkhani yanu, ndipo m'malo mwake muikemo malume ake a mbuye uja. Ngati nkhaniyo ikuyendabe osasintha kanthu, ndiye kuti kavalo sakugwira ntchito iliyonse mmenemo, ndipo owerenga amazimva zimenezo ngakhale sangathe kuzifotokoza. Chimene chimaseketsa pa kavalo n'chakuti ndi chinyama cholemera pafupifupi makilogalamu 500, champhamvu kuposa amuna angapo pamodzi, koma munthu wochepa thupi amakhala pamsana pake ali ndi chikhulupiriro chonse chakuti iye ndiye akulamula. Wosekedwa ndiye munthuyo, ndi ulemu wake umene ukuphwanyika pang'onopang'ono anthu akuona. Kavalo akayamba kulankhula zachipongwe amalanda ntchito ya owerenga, chifukwa chipongwecho anayenera kuchiganiza okha.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi Mkonzi, mundilole ndikutsutseni pang'ono, ndi ulemu wonse. Nyama zolankhula si zachilendo m'zolembalemba, ndipo nthano zimene tonsefe tinakulira zadzaza ndi nyama zoyankhana ndi kunyengana. Ngakhale pa akavalo penipeni, Anna Sewell anatulutsa Black Beauty mu 1877, ndipo wofotokoza nkhani yonse m'bukulo ndi kavalo mwini wake. Jonathan Swift mu 1726 analemba za dziko limene akavalo ndiwo anzeru ndi olamulira, anthu n'kukhala ngati zilombo, ndipo mpaka lero anthu akuwerengabe. Tisamuuze mnyamatayu kuti atseke pakamwa pa kavalo wake ngati kuti ndi lamulo. Mwina chimene chavuta ndi zimene kavaloyo akunena, osati kulankhulako.

Mayi Mkonzi:
Aphunzitsi, ndavomera, lamulo si limenelo. Koma taonani kuti kavalo wa Anna Sewell amadandaula zinthu za ukavalo: chitsulo cha m'kamwa, chingwe chokokera mutu m'mwamba, katundu wolemera pa chitunda. Bukulo silinalembedwe kuti liseketse, komabe phunziro lake kwa mlembi wa nthabwala ndi lomwelo. Ngati kavalo alankhule, alankhule ngati nyama imene maso ake ali m'mbali mwa mutu, imene imaona pafupifupi mbali zonse koma siona chimene chili kutsogolo kwa mphuno yake kapena kumbuyo kwa mchira wake, nyama imene makolo ake anapulumuka chifukwa chothawa asanafunse. Kavalo wotere akamafotokoza ndi mtima wonse kuti pepala lapulasitiki limene likuuluka m'mbali mwa njira ndi chilombo chimene chakhala chikumusaka kuyambira chaka chatha, ine ndiseka. Koma akamanena kuti mbuye wake ndi wonenepa ndiponso wopusa, pamenepo ndikumva mawu a mlembi amene wabisala kuseri kwa kavalo.

Bambo Wapakhola:
Popeza mwatchula pepala lapulasitiki, Mayi, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Kunabwera bambo wina wooneka waulemu wake, atavala nsapato zazitali zatsopano zonyezimira, ndipo anatiuza kuti anakwerapo akavalo ambiri moti safuna thandizo. Tinamupatsa kavalo wamkazi wokalamba, wofatsa kuposa onse m'kholamo. Kavalo ameneyu anali ndi chizolowezi chimene akavalo ambiri ali nacho: ukamamanga lamba wa pamimba wogwira chishalo, amafufumitsa mimba, ndipo ukachoka amaibweza, lamba uja n'kukhala wokhwepa. Wodziwa amamanga, n'kumuyendetsa pang'ono, n'kumanganso. Ndinayamba kuwauza bambowo, koma anandikwezera dzanja kuti ndikhale chete. Anaponda chopondera, n'kudzikoka kuti akwere, ndipo chishalo chinayamba kutembenuka, osati mwamsanga ayi, koma pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi, iwo akadali chikhalire, msana uli chilili, zingwe zili m'manja, mpaka anafika pansi pa mimba ya kavalo. Kavaloyo sanasunthe ngakhale phazi limodzi. Anangotembenuza khosi n'kuwayang'ana, kenaka n'kuyamba kudya udzu umene unali pafupi ndi chipewa chawo. Mawu oyamba amene bambowo ananena ali pansipo anali akuti, "Chishalo ichi n'cha mtundu wina." Palibe amene anavulala, ndipo papita zaka koma tikakumbutsana timasekabe.

Wowerenga Chabe:
Ine sindilemba, ndimangowerenga, koma ndikufuna kuti Achimwene Mlembi aone kuti ndaseka pa nkhani ya Bambo Wapakholayi pamene kavalo sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Chandiseketsa kwambiri ndi mawu a bambo uja ali pansi. Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi Opuma:
Apa ndagonja theka. Nkhaniyi yandikumbutsa kavalo wina wotchuka wa ku Berlin, dzina lake Hans, amene mwini wake, Wilhelm von Osten, ankakhulupirira kuti amadziwa masamu. Akamufunsa funso ankagogoda pansi ndi chiboda mpaka kufika pa nambala yolondola, ndipo anthu ophunzira ankabwera kudzaona n'kubwerera atagoma. Mu 1907 katswiri wa za maganizo, Oskar Pfungst, anafalitsa zimene anapeza, zakuti kavaloyo ankayang'ana thupi ndi nkhope ya wofunsayo, ndipo ankasiya kugogoda akaona kuti munthuyo wamasuka pang'ono pofika pa yankho. Wofunsa akakhala kuti yankho sakulidziwa, kavalonso ankalephera. Taganizirani mmene nkhani imeneyi ikanakomera m'manja mwa mlembi wa nthabwala: akatswiri akuyesa nzeru za kavalo, pamene kavaloyo ndiye akuwawerenga iwo. Chimodzimodzi ndi kavalo Incitatus wa mfumu Caligula ya ku Roma, amene wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, analemba kuti zinkamveka zoti mfumuyo inkafuna kumupatsa udindo waukulu m'boma. Kavalo sanapemphe udindowo, ndipo onyozeka pa nkhaniyi ndi akuluakulu amene akanayenera kumugwadira. Komabe theka linalo sindikulipereka, chifukwa m'ndakatulo yaifupi, kavalo wolankhula mawu amodzi okha pa nthawi yoyenera akhoza kugwetsa anthu ndi phwete.

Achemwali Alakatuli:
Popeza ndakatulo zatchulidwa, ndikupempha Achimwene Mlembi atiikire ndime imodzi yokha pano, kuti tikambe zinthu zimene tikuziona m'malo mongoyerekeza.

Mlembi Wongoyamba:
Zikomo, achemwali. Ndikuika ndi mantha, koma nayi ndime yoyamba ya ndakatulo imene ndinaipatsa mutu wakuti "Ulendo wa M'mawa":

Kavalo wanga ndi wokongola,
Ndikamukwera amandilola,
Koma lero potuluka m'khola,
Wandigwetsa, mwendo wandithyola.

Achemwali Alakatuli:
Mwachita bwino kuika, ndipo musakhumudwe ndi zimene ndinene. Choyamba, mizere yanu yonse ikuthera pa "ola", ndipo zikuoneka kuti munayamba mwasankha mathero amenewo, kenaka n'kumafunafuna zoti munene. M'Chichewa mawu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera pa "a", choncho kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta kwambiri moti khutu silidabwa nako. Chimene sichidabwitsa sichiseketsa. Chachiwiri, mwathyola mwendo wa munthu pa mzere wachinayi, ndipo wowerenga wamtima wabwino ayamba kumumvera chisoni. Mu nthabwala munthu agwe m'matope, m'chitsamba chaminga, pamaso pa mkazi amene amamufuna, koma adzuke ndi miyendo yake yonse iwiri, chopweteka chikhale ulemu wake basi. Chachitatu, mawu akuti "wokongola" sakutiuza kanthu za kavalo ameneyu kusiyana ndi akavalo ena onse.

Chuma chathu chili m'mivekero ndi m'kayendedwe ka mawu, ndipo kavalo ndi nyama imene imakupatsa kayendedweko ulere. Akamayenda bwinobwino ziboda zimagunda kanayi, akamathamanga mopepuka zimagunda kawiri chifukwa miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasana, ndipo akawonjezera liwiro zimagunda katatu. Nenani mokweza kuti "gubudu, gubudu, gubudu" ndipo mumva kuti maphatikizo atatuwo ndi kuthamanga kwa kavalo kumene. Mukhoza kuyamba ndime ndi mizere yaitali yodekha pamene wokwera akudzitama, n'kumaifupikitsa pamene kavalo akuthawa naye, n'kumaliza ndi liwu limodzi lokha, "phi!" William Cowper analemba mu 1782 ndakatulo yaitali ya munthu wamalonda wa ku London, John Gilpin, amene kavalo wobwereka anathawa naye n'kumupitiriza pa malo amene mkazi wake ankamudikira, ndipo mphamvu yake yaikulu ndi liwiro la mizere. Ndayesa kulemba ndime yanuyo mwa njira ina, pobwereka chishalo cha Bambo Wapakhola:

Ndinati tipite, iye anaima.
Ndinati tiime, iye anapita.
Ndinati kumanja, anapenya kumanzere.
Ndinati kwathu, ndipo kwathu ndinafikadi,
wapansi, chishalo pamutu,
iye ali kale m'khola, akutafuna udzu.

Sindikunena kuti ndi yabwino koposa, koma onani kuti kugwa sindinakutchule n'komwe. Wowerenga akukuona yekha pakati pa mzere wachinayi ndi wachisanu.

Bambo Wapakhola:
Achemwali, ndime imeneyo ndi yoona. Kavalo amene amakoka miyendo pochoka pakhomo, mukangomutembenuzira kwawo amasanduka wina, ndipo wokwera akagwa, kawirikawiri kavalo amathamangira kukhola kumene kuli anzake. Ndiwonjezereko zina zimene Achimwene Mlembi angagwiritse ntchito. Mukamusambitsa kavalo bwinobwino mpaka kuwala, makamaka woyera, mukangomumasula amafunafuna pamene pali fumbi kapena matope n'kugubuduka. Amatha kugona ataimirira, chifukwa mfundo za miyendo yake zimakhoma zokha, koma kuti agone tulo tofa nato amayenera kugona pansi, ndipo mlendo akamuona ali thasa padzuwa amathamanga kudzatiuza kuti kavalo wafa. Alipo ena amene amaphunzira kutsegula loko wa chitseko ndi milomo, ndipo ndinaonapo mmodzi amene akatuluka ankatseguliranso anzake, kupatula mmodzi yekha amene sankagwirizana naye. Yang'aniraninso makutu: akaloza kutsogolo ndiye kuti chinachake chamukopa, akagona chakumbuyo n'kukanirira kukhosi ndiye kuti wakwiya, muchokepo. Mlembi amene amadziwa makutu a kavalo safunika kumupatsa mawu ambiri.

Mlembi Wongoyamba:
Ndathokoza kwambiri, ndipo ndikuvomereza kuti akavalo ndimangowaonera patali ndi pa mafilimu, sindinakhalepo tsiku lathunthu pakhola. Ndikonza zimenezo ndisanalembenso. Koma ndikukumbutseni funso lachiwiri lija. Ndikamaliza kukonza, ndilowere kuti? Nkhani ziwiri mwa zisanuzo ndinaziika kale pa Facebook chaka chatha.

Mayi Mkonzi:
Tiyambe ndi za Facebook zomwezo, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepo. Magazini ambiri ndi mipikisano yambiri imafuna zolemba zimene sizinafalitsidwepo kwina kulikonse, ndipo ambiri a iwo amawerengera kuika pa intaneti poyera ngati kufalitsa, ngakhale anawerenga ndi anthu khumi okha. Nkhani ziwirizo zikhoza kulowabe m'buku lanu, koma mukamazitumiza ku magazini muzinena chilungamo kuti zinaonekapo kale. Zitatu zotsalazo muzisunge m'kabati.

Chachiwiri, nkhani 5 ndi ndakatulo 12 n'zochepa kuti zikhale buku limene wosindikiza angaikepo ndalama zake, pokhapokha nkhanizo zikhale zazitali ndithu kapena likhale buku la ana lodzaza ndi zithunzi. Ine ndikanati muyambe ndi kutumiza imodziimodzi. Pali magazini a nkhani zazifupi, pali masamba a nthabwala m'manyuzipepala, ndipo koposa zonse pali magazini ndi timakalata ta mabungwe a anthu okwera ndi oweta akavalo. Anthu amenewa amakonda kudziseka okha, koma ndiwonso amene adzaona msanga kuti kavalo wanu akusanza. Musanatumize werengani malamulo awo mpaka kumapeto: kutalika kwa nkhani kumene amalandira, ngati amalola kuti mutumize nkhani yomweyo kwina nthawi imodzi, ndi ufulu umene akufuna. Magazini abwino amapempha ufulu wokhala oyamba kusindikiza, mwina ndi nthawi yochepa imene simungaifalitse kwina, kenaka zonse zimabwerera kwa inu. Amene akufuna umwini wonse mpaka kalekale chifukwa cha nkhani ya masamba atatu, muwakane mwaulemu. Nkhani yoseketsa imakoma ikakhala yaifupi, ndipo yosapitirira mawu 1,000 imapeza malo mosavuta kuposa yaitali. Kalata yoperekeza ikhale ya mizere yochepa, ndipo musalembemo kuti nkhani yanu ndi yoseketsa kwambiri, mkonzi adzaona yekha.

Achemwali Alakatuli:
Pa zimene Mayi Mkonzi anena ndiwonjezerepo chenjezo lochokera pa bala langa. Zaka zingapo zapitazo kampani ina, imene sindiitchula, inandilembera kuti yasangalala kwambiri ndi ndakatulo zanga ndipo ikufuna kuzisindikiza. Ndinakondwa mpaka kusowa tulo. Kalata yachiwiri inabwera ndi mndandanda wa zoti ndilipire: kukonza, chikuto, kulengeza, ndi makope amene ndinayenera kugula ndekha. Ndinalipira. Buku litafika ndinapeza kuti mizere ya ndakatulo anaiphatikiza ngati ndime za nkhani wamba, ndipo ndakatulo ina imene kuseketsa kwake kunali pa mzere womaliza anaidula pakati, mzere womalizawo n'kukapezeka wokha kuseri kwa tsamba pansi pa mutu wa ndakatulo ina. Palibe sitolo imene analitumizako. Makatoni ake alipobe pansi pa bedi langa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wosindikiza weniweni ndiye amalipira mlembi, ndipo ngati mwasankha kulipira nokha, ndiye mukhale inu mwini ntchito yonse, mulembe mkonzi ndi wojambula amene mwamusankha, mabuku ndi phindu zikhale zanu.

Aphunzitsi Opuma:
Pepani kwambiri, achemwali. Ndikufuna kufunsa Mayi Mkonzi za umwini, chifukwa alembi achinyamata ambiri amaopa kutumiza zolemba zawo poganiza kuti zibedwa. Kodi munthu ayenera kulembetsa kaye kwinakwake?

Mayi Mkonzi:
Aphunzitsi, m'mayiko amene anasaina pangano la Berne loteteza umwini wa zolemba, limene linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri a dziko lapansi ali momwemo, umwini wa zolemba umayamba pamene munthu wazilemba, popanda kulembetsa. Panganolo limanena kuti chitetezocho chikhalepo moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ena amawonjezera. Kulembetsa kumathandiza ngati umboni kumene kuli njira yotero, koma chofunika tsiku ndi tsiku ndi kusunga zolemba zanu zoyambirira ndi makalata amene munatumizira. Chimene sichitetezedwa ndi ganizo lokha. Nkhani ya munthu wodzitama amene wagwa pa kavalo ndi ya aliyense, anu ndi mawu amene mwaifotokozera.

Pa kudzisindikizira nokha, njira zilipo. Buku logulitsidwa m'masitolo limafuna nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN, imene kuyambira 2007 ili ndi manambala 13, ndipo buku lapepala ndi la pa kompyuta siligwiritsa nambala imodzi. Kampani ya Amazon ili ndi njira yodzisindikizira pa intaneti yotchedwa Kindle Direct Publishing, kumene mlembi amalandira 35 kapena 70 pa 100 iliyonse ya mtengo wa buku la pa kompyuta malinga ndi mtengo umene waika ndi kumene lagulidwa, koma muyambe mwaona mndandanda wa zilankhulo zimene amalandira, chifukwa si zonse. Palinso kusindikiza kope limodzilimodzi pamene wogula wapezeka, kumene kumapulumutsa munthu ku makatoni a pansi pa bedi. Njira iliyonse imene mungasankhe, pemphani kope loyesera n'kuliwerenga muli ndi pensulo m'manja, makamaka kuona pamene tsamba lililonse likuthera, pa chifukwa chimene Achemwali Alakatuli anena.

Wowerenga Chabe:
Monga wogula, ndinene kuti buku loseketsa la akavalo lopanda zithunzi ndimalibweza pa shelefu. Ndimayamba kuseka pa chikuto, ndiye ndimatsegula.

Mayi Mkonzi:
Zoona, ndipo amene akufuna kuona mmene chithunzi chimathandizira aone ntchito za Norman Thelwell wa ku England, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 anatchuka ndi zojambula za tiakavalo tonenepa taliuma ndi tiatsikana tolimba mtima totikwera. Ankaziyang'ana bwino nyamazo, n'chifukwa chake okwera akavalo amadziona okha m'zojambulazo. Wojambula wanu akhoza kukokomeza mimba ndi maso mmene angafunire, koma miyendo aidziwe. Ojambula akale ankajambula kavalo wothamanga miyendo yakutsogolo itatambasukira kutsogolo, yakumbuyo kumbuyo, zonse zili m'malere. Zithunzi zimene Eadweard Muybridge anajambula ndi makamera ku Palo Alto, ku America, mu 1878 zinaonetsa kuti ziboda zonse zinayi zimachokadi pansi, koma pa nthawi imene miyendo yapindikira pansi pa mimba. Mugwirizanenso naye polemba kuti zithunzizo mudzazigwiritsa ntchito pati ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa umwini wa chithunzi ndi wake. Chinanso, chithunzi chisaulule mathero a nkhani. Ngati chishalo chikutembenuka pa tsamba lachitatu, chisajambulidwe pa tsamba loyamba.

Aphunzitsi Opuma:
Chimodzi chimene sitinachikhudze n'chakuti bukuli ndi la ndani. Ana amaseka kugwa, matope ndi phokoso, ndipo kwa iwo kavalo wolankhula alibe vuto lililonse, apa ndiye theka langa lija ndikulisungabe. Akuluakulu amaseka kunyada kumene kwaphwanyika ndi mabodza amene munthu amadzinamiza. Ngati zonse ziwiri zasakanizika m'buku limodzi, wogulitsa sadziwa shelefu yoliika. Pa zaka zanga zophunzitsa ndinaona kuti njira yabwino yoyesera nthabwala ndi kuipereka kwa munthu wina kuti aiwerenge mokweza, mlembi atakhala chete pakona. Mlembi akamawerenga yekha amathandizira ndi nkhope ndi mawu, ndipo zimenezo sizidzakhalapo pa pepala. Pamene wowerengayo wapunthwa, pamenepo pakonzedwe. Ndipo akaseka, onani ngati pali ziganizo zina pambuyo pa kusekako zimene zikufotokoza chifukwa chake zinali zoseketsa, muzidule zonsezo.

Mlembi Wongoyamba:
Ndamva zonse, ndipo usiku wathawu ndinakhala pansi n'kulembanso chiyambi cha nkhani ya Bwanamkubwa. Tsopano salankhula mpaka pa tsamba lomaliza, pamene ndamusiyira mawu awiri okha chifukwa cha Aphunzitsi. Chiyambicho chili motere:

"Mbuye wa Bwanamkubwa anali atawerenga mabuku atatu a kakweredwe ka akavalo, pamene Bwanamkubwa anali asanawerengepo ngakhale limodzi, ndipo kusamvana kwawo konse kunachokera pamenepo. M'mawa wa tsikulo mbuyeyo anafika pakhola atavala zoyera zokhazokha. Anaima kumanja kwa kavalo wake, n'kumusisita pakhosi monga linanenera buku lachiwiri, ndipo Bwanamkubwa anagoneka makutu chakumbuyo posonyeza chikondi. Anthu amene anali pafupi anayamba kusendera kumpanda kuti aone bwino."

Ndikukonza zokapempha kuti ndizikathandiza pakhola lina Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri, ndipo nkhani zitatu zimene sizinaonekepo ndidzazitumiza imodziimodzi monga mwanenera, Mayi.

Achemwali Alakatuli:
Chiganizo choyambacho musachikhudzenso, chakhala bwino. Mawu akuti "posonyeza chikondi" ndawakonda ngati ali maganizo a mbuyeyo, koma muonetsetse kuti owerenga adziwe kuti wolakwitsa ndi iye osati inu. Mwina munene kuti iye anaona makutuwo n'kukondwa, poganiza kuti ndi chikondi.

Bambo Wapakhola:
Ndaseka pa zoyera zokhazokha, chifukwa ndikudziwa kale kumene zikupita. Koma ndifunse chimodzi, achimwene. Mwamuimika kumanja kwa kavalo. Akavalo ambiri amazolowezedwa kukweredwa kuchokera kumanzere, mwambo umene amati unayamba pamene asilikali ankavala lupanga m'chiuno chakumanzere, ndipo kavalo amene sanazolowere kumanja amatha kusuntha munthu ali mwendo umodzi m'mwamba. Ngati munamuika kumanja mwadala, ndiye kuti anthu a kumpanda aja ali ndi chifukwa china chosenderera, ndipo mmodzi wa iwo atsegule pakamwa kuti amuchenjeze, mnzake n'kumugwira mkono kuti akhale chete. Ngati sikunali kwadala, mukabwera Loweruka loyambalo mudzafike ndi nsapato zolimba kuphazi, chifukwa Bwanamkubwa weniweni akaponda chala sasuntha msanga.